Kodi pa tchesi mfumukazi imaperekedwa nsembe?

Achimwene ena a ku Zomba, amene amasewera tchesi pa kalabu Loweruka lililonse, atumiza funso ili: "Ndimafotokozera anzanga m'Chichewa gemu yomwe ndinawina. Inayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.Bc4 Bg4 4.Nc3 g6 5.Nxe5 Bxd1 6.Bxf7+ Ke7 7.Nd5#. Pa nambala 5 ndinati ndapereka nsembe mfumukazi, iwo kuseka, akuti ndizingoti ndasakirifayisa. Cholondola nchiti?"

Achimwene, kuseka sanalakwe anzanuwo, koma nawonso ngofunika kusekedwa. Nsembe imapita kwa Chauta kapena kwa mizimu, ngati ija amathira ku Khulubvi kwa Mbona ku Nsanje popempha mvula, ndipo wothira nsembe sabisala patchire kudikira kuti mzimu ukodwe. Inu munatchera. Mfumukazi ija inali nyambo basi, ndipo mawu amenewa ali kale mkamwa mwa mwana aliyense wowedza matemba. Za kusakirifayisazo ayi, lilime langa lakana.

Tiyeni tiione gemuyo. Pa kalembedwe kameneka N ndi hatchi, B ndi bishopu, K ndi mfumu, popanda chilembo chachikulu ndi poni (kamsilikali kakang'ono), x ndi kudya, + ndi kuopseza mfumu, # ndi tchekimeti, ndipo e4, f7 ndi ena otero ndi maina a malo a pa bolodi. Pa 1 ndi 2 palibe nkhani, aliyense akutulutsa anthu ake. Pa 3 bishopu wanu waloza f7, pamene pamalonderedwa ndi mfumu yokha, ndiye mnzanuyo wabweretsa bishopu wake pa g4 kudzamanga hatchi yanu, poti ikasuntha mfumukazi ili pambalambanda. Ndimamva anyamata akuti "waipina", ine ndimati waimanga, mbuzi ikamangidwa pachikhomo imaoneka koma sipita kutali. Pa 4 ndi pamene analakwa, g6 ija inali yongotaya nthawi. Akanatulutsa hatchi pa c6 msampha wanu sukanagwira, chifukwa mukanadya pa e5 iye akanabwezera ndi hatchi yomweyo nkutetezanso bishopu wake wa pa g4, inu nkutsala mukukanda mutu.

Pa 5 hatchi yomangidwa ija yadula chingwe, yadya poni. Yadya, osati yakapicha, osatinso yapha. Ine ndinakulira pafupi ndi madala osewera bawo pakhonde la golosale, ndipo sindinamvepo mmodzi yemwe akunena kuti wapha kapena wagwira, onse ankati "ndadya", nkumakokola njere zija akuseka. Pa drafuti ndi chimodzimodzi. Ndiye tchesi ikabwera ipeze mneni ali kale pampando, isabwere ndi wake. Komanso taonani ubwino wa kudya, kumabereka ana: wadya, wadyedwa, adyana, wadyetsa. Munthu akasiya mfumukazi poyera chifukwa cha tulo timati wadyetsa mfumukazi, akaisiya akudziwa chomwe akuchita timati wadyetsa dala. Kamawu kakang'ono ka "dala" kagwira ntchito yonse imene anzanuwo akuifunira mawu a zilembo khumi ndi zingapo.

Ndiye mnzanuyo anaona mfumukazi ili yokha, dyera linamugwira, Bxd1. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Akanangodya hatchi ndi dxe5 inu mukanadya bishopu pa g4, iye nkungoluza poni imodzi gemu nkumapitirira. Koma wameza nyambo, bishopu wanu wadya pa f7 nkuopseza mfumu, ndipo mfumuyo singamudye poti hatchi ya pa e5 ikumulondera, malo otsala ndi e7 okha. Hatchi yachiwiri yafika pa d5, kwatha.

Apa pokha kudya sikugwira, mfumu sidyedwa pa tchesi, imangosowa kolowera. Mawu oti tchekimeti anachokera ku Chiperisiya, shah mat, ndipo ngakhale Azungu anachita kubwereka, choncho amenewa ndimawalekerera. Maina a tizidutswa nawonso sindilimbana nawo kwambiri. Amene timamuti bishopu, Aluya ankamuti al-fil, njovu, Afalansa amamuti fou, chitsiru, aliyense anatchula zake. Mukafuna hatchi nenani hatchi, mukafuna kavalo nenani kavalo, ameneyonso tinatenga kwa Apwitikizi monga tinatengera nsapato ndi mbatata. Ngakhale bawo weniweniyo ndi bao wa Chiswahili, thabwa. Dzina limabwera ndi katundu wake, koma mneni ukhale wathu, pamenepo pokha ndimauma mutu.

Ndipo polemba muzilemba tchesi, ndi tch ngati tchalitchi ndi tchimo, chifukwa pamatuluka kampweya, tayesani kuika dzanja pakamwa mumve. Chesi wopanda t akumveka ngati chesa.

Komanso musanyade kwambiri pa kalabupo eti, msampha umenewu uli ndi mwini wake, Légal, Mfalansa amene ankasewera ku Paris m'zaka za m'ma 1700. Anzanuwo mukawauze kuti munadyetsa dala mfumukazi ngati nyambo, koma Loweruka likudzali yembekezani hatchi pa c6.