Funsani Azakhali: Bala linapola, koma bandeji ndikulephera kuisiya

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimasoka zovala ku Kamwala ndipo ndimakhala ku Chilenje. Zaka zitatu zapitazo minibasi imene ndinakwera inagubuduzika, ine n'kuthyoka mwendo ndi mkono. Ndinagona m'chipatala milungu isanu osatha kudzuka, moti ankandiveka matewera a akuluakulu. Amayi anga anachokera ku Katete kudzandidwazika. Ndiwo ankandisintha, kundipukuta ndi kundimwetsa phala ndi supuni. Chaka chotsatira anatisiya.

Ndinachira bwinobwino, koma pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Tsiku likandiwawira, ndikangofika kunyumba ndimatseka chitseko n'kukulunga bandeji pamkono uja, chonsecho palibe bala. Masiku ena ndimavalanso thewera, ngakhale sindikodza pogona. Ndikatero mtima umakhala pansi, tulo n'kubwera. Kukacha ndimadzida. Pali bambo wina akufuna kundikwatira mu Disembala. Kodi ndayamba misala, kapena anandilodza? Nanga ndimuuze?

Wamanyazi, Chilenje

Mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinaima pamene walemba za phala ndi supuni. Sunapenge, ndipo palibe amene anakulodza. Ukuwasowa amayi ako, ndipo thupi lako likukumbukira manja awo.

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri muno mu Lusaka. Kunali bambo wina wachikulire amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzatsukitsa chilonda cha pamwendo. Tsiku limene ndinawauza kuti chapola, asabwerenso, anakhala chete akuyang'ana bandeji yakale imene ndinali nditaponya m'ndowa. Kenaka anandigwira dzanja nati, "Sisita, ingondimanganiko komaliza." Pambuyo pake ndinamva kuti akazi awo anamwalira kale, ana ali kutali, ndipo kachipinda kathu kaja kanali malo okhawo amene munthu ankawakhudza. Ndinawamanga, ndipo sindinong'oneza bondo.

Izi ife timazidziwa kuyambira kumudzi. Khanda likamalira usiku, mayi amalibereka n'kukungitsa chitenje, posakhalitsa lagona. Chaligonetsa si bere ayi, ndi kufungatidwa. Mu 1958 katswiri wina wa ku America, Harry Harlow, anaonetsa zomwezi ndi ana a anyani. Anawapangira amayi awiri ongoyerekeza, wina wa mawaya wokhala ndi botolo la mkaka, wina wokutidwa ndi nsalu yofewa. Tianyanito tinkapita kwa wa mawaya kukangoyamwa, koma nthawi yambiri tinkakangamira wa nsalu, makamaka tikachita mantha. Dokotala wa ana wa ku Britain, Donald Winnicott, nayenso analemba mu 1953 za kabulangete kapena kansanza kamene mwana amakana kusiyana nako, kuti kamaimira mayi ake pamene iwo palibe. Njala imeneyi sitha chifukwa munthu wakula. Kungoti wamkulu alibe womubereka.

Taganiza za moyo wako. Tsiku lonse uli pa makina, uyu akufuna diresi lake lero, uyo akudandaula za zipi, lendi ikudikira. Milungu isanu ija, ngakhale inali yowawa, palibe amene anakufunsa kanthu. Unkangogona, amayi n'kumachita zonse. Thewera ndi bandeji ndizo zinatsala pa masiku amenewo. Suli wekha, alipo akuluakulu ena, amuna ndi akazi, amene amapeza mpumulo m'zinthu zomwezi, ena osadwalapo n'komwe. Samanena chifukwa cha manyazi omwe ukumvawo.

Zimene ukuchita m'chipinda mwako sizikupweteka munthu, ndiye leka kudzida. Koma pali malire amene ndikufuna uwadziwe. Ukayamba kudzicheka kapena kudzivulaza kuti bandejiyo ikhale ndi chifukwa, ukayamba kunamiza anthu kuti ukudwala, kapena kuzungulira m'zipatala kufuna chithandizo pa matenda amene palibe, pamenepo ndi vuto lofunika dokotala. Chimodzimodzi ngati ndalama ya ndiwo ikuthera ku matewera, kapena tulo takaniratu kubwera popanda zimenezi. Ku chipatala cha Chainama, m'mbali mwa msewu wa Great East, kuli akatswiri a za maganizo. Ndikudziwa kuti dzinalo limaopsa, ambiri amaganiza kuti kumapita okhawo ogenda anthu mumsewu, koma kumapitanso anthu osowa tulo ndi amene maliro sanawachoke mumtima. Ngati miyendo ikulemera, yamba waimba 933, nambala yaulere ya Lifeline, bungwe lopereka uphungu pa foni. Ine ndikadakonda ukalankhule ndi mlangizi ngakhale pano, osati za thewera, koma za imfa ya amayi ako.

Tsopano ndilankhule ngati namwino. Bandeji usamaikungitse. Chala chizitha kulowa pansi pake, ndipo zala zikachita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, masula nthawi yomweyo. Ndi bwino kuimasula tulo tisanakutenge, chifukwa munthu ali m'tulo samva kuti magazi akuvutika kuyenda. Thewera limasunga thukuta, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndipo khungu likakhala lonyowa limatupa ndi kuyabwa. Uzisamba, kupukuta mpaka kuuma, ndi kudzola Vaseline. Potaya, manga m'pulasitiki n'kuika kuzinyalala, osati m'ngalande kapena m'chimbudzi.

Za bamboyo, muuze ukwati usanachitike, ndipo umuuze wekha, osadzera kwa ankhoswe kapena alangizi. Akadzapeza yekha paketi ya matewera pansi pa sutikesi, iwe ukudziwa mmene anthu athu amaganizira: adzati ndi zizimba, nkhani n'kufika kwa alongo ake dzuwa lisanalowe. Usayambe ndi thewera. Yamba ndi ngozi ija, umuonetse chipsera, umuuze za amayi ndi phala lija, kenaka unene zimene umachita mtima ukalemera. Mwina adzadabwa, umupatse masiku oti aganize. Koma akakuseka kapena kukaulula kwa anzake, udzakhala wadziwa mtima wake lobola isanathe kuperekedwa.

Chinthu china. Kodi pogawa katundu wa amayi ako anakupatsako chitenje chawo? Ngati chilipo, chitulutse m'sutikesi. Usiku wina mtima ukalemera, usanatenge bandeji, dzikulunge nacho m'mapewa mokungitsa ndithu, ngati mmene iwo ankakuberekera. Ndipo ukapeza ya basi, pita ku Katete mvula isanayambe, ukasese pamanda awo, ukawauze kuti ukukwatiwa. Ukabwerako undilemberenso.

Azakhali