Kodi kalata yotiimitsa ntchito ija analemba ndi Trump mwini wake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa m'boma la Zomba. Dzina lawo ndi la bungwe lomwe ankagwirako ntchito sinditchula. Iwo akuti: "Ntchito yanga inali yolondola anthu amene asiya kudzatenga ma ARV. Kumapeto kwa Januwale 2025 abwana anatiitanitsa m'mamawa n'kutiuza kuti kwabwera kalata yochokera ku Washington, tisiye zonse, njinga zamoto tikasiye ku ofesi. Kalatayo ife sitinaione. Kodi analemba ndi Trump yemweyo? Nanga ine nditamulembera kumufotokozera zimene zatichitikira kuno, angawerenge?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinakugweranizo. Mafunso onse awiri yankho lake ndi ayi, koma musatseke foni, chifukwa nkhani yagona pa njira imene kalatayo inadutsa.

Chimene Donald Trump anasaina ndi dzanja lake pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira kachiwiri, ndi lamulo la pulezidenti nambala 14169. Ndi lalifupi, mungaliwerenge tiyi asanazizire. Mulibemo dzina la Malawi, mulibemo ma ARV, za njinga zamoto ndiye musachite kufunsa. Linangoti thandizo la chitukuko lopita kumayiko akunja liyambe laima kwa masiku 90 kuti boma latsopano liunike ngati likugwirizana ndi mfundo zake. Anthu ambiri a m'mabungwe atawerenga anaganiza kuti zikukhudza ndalama zatsopano zokha, ntchito zoyamba kale zipitirira.

Kalata imene inaluma ndi yachiwiri. Pa 24 Januwale, nduna yoona za maubale ndi mayiko akunja, Marco Rubio, inatumiza uthenga kumaofesi a akazembe a America padziko lonse wolamula kuti ngakhale ntchito zomwe zili kale m'kati ziimitsidwe. Zochepa zokha ndi zimene anazipatula, monga chakudya cha pangozi ndi thandizo la zankhondo kwa Israel ndi Egypt. Uthengawo utafika, unagwera pa madesiki a maofisala amene amasaina makontilakiti m'malo mwa boma, ku USAID, bungwe la boma la America lomwe linkapereka thandizo kumayiko akunja, ndi ku unduna wa Rubio womwewo. Amenewa ndiwo ali ndi mphamvu youza bungwe kuti "imani", ndipo aliyense analembera mabungwe omwe ankawayang'anira. Mabungwe akuluakulu aja, ambiri malikulu awo ali ku America konko, analemberanso mabungwe ang'onoang'ono amene ankawagawira ndalama kuno. Kenako abwana anu anaimika msonkhano m'mamawa muja.

Mukawerenga bwino, ndi manja anayi kapena asanu. Zili ngati uthenga wochokera kwa gogo chalo: umapita kwa gulupu, gulupu kwa nyakwawa, nyakwawa n'kutuma mnyamata kuti akakuwe madzulo. Wokuwayo ukamufunsa chifukwa chake, amangoti wangotumidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Washington aliyense pa mzerewo amachita kulemba, amaika tsiku ndi dzina lake, ndipo poopa kuti angadzamufunse, amamangitsa mfundo kuposa mmene anailandirira. Mawu oti "tiunike kaye" pofika ku Zomba anali atasanduka "bweretsani makiyi".

Chimene chimandiwawa ine pa nkhaniyi ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Pa 28 Januwale Rubio analola kuti thandizo lopulumutsa miyoyo lipitirire, ndipo pa 1 Febuluwale kunatuluka chilolezo china chokhudza mbali zina za PEPFAR, ndondomeko yolimbana ndi Edzi ija imene George W. Bush anayambitsa mu 2003. Pa wailesi zinamveka ngati zatheka. Koma chilolezo nachonso ndi kalata, chiyenera kutsika makwerero omwe aja, aliyense asainepo. Tsono m'masiku omwewo, kumayambiriro kwa Febuluwale, likulu la USAID ku Washington linatsekedwa ndipo antchito ake ambirimbiri anauzidwa kuti akhale kunyumba. Chilolezo chinalipo, koma woti alembere bungwe lanu kuti "yambiraninso" ndi woti atulutse ndalama panalibe. Amene anayendapo ndi failo ya penshoni akudziwa zimene ndikunenazi. Ine ndinayenda miyezi isanu ndi iwiri ndi failo ya malemu bambo anga pa ofesi ina, chilichonse chili m'malo mwake, kungoti wodinda chidindo ankakhala ali "ku semina" tsiku lililonse lomwe ndapita.

Taonaninso izi. Pa 27 Januwale, ofesi yoyang'anira bajeti ku White House, imene amaitchula mwachidule kuti OMB, inatulutsa kalata ya masamba awiri yosainidwa ndi Matthew Vaeth yoimitsa ndalama zimene boma limapereka m'dziko la America momwemo. Kunali chipwirikiti. Tsiku lotsatira woweruza anaiimitsa, pa 29 Januwale boma linaibweza. Masiku awiri basi. Kalata yokhudza ifeyo sinabwezedwe. Kuona kwanga n'kwakuti anthu a ku America aja ali ndi mavoti, abwanamkubwa ndi maloya apafupi, pamene wodwala wa ku Zomba alibe phungu ku Washington. Mabungwe ena anapita kukhothi ndithu: pa 13 Febuluwale woweruza Amir Ali analamula kuti kuimitsa ndalamako kulekeke, ndipo pa 5 Malichi khothi lalikulu la dzikolo, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, linakana kuletsa chigamulo choti boma lilipire pafupifupi madola 2 biliyoni a ntchito zogwiridwa kale. Koma pa 10 Malichi Rubio analengeza kuti ntchito 83 pa 100 zilizonse za USAID zathetsedwa, makontilakiti pafupifupi 5,200, ndipo pa 1 Julayi 2025 bungweli, lomwe John F. Kennedy anakhazikitsa mu 1961, linasiyiratu kuyendetsa thandizo. Zotsala zinapita ku unduna wa zakunja.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, la kalata yokwera phiri.

Ku White House kuli ofesi yapadera yongolandira makalata a anthu wamba. Mu 1897, nthawi ya William McKinley, makalata ankabwera pafupifupi 100 pa tsiku. Franklin Roosevelt atalowa mu 1933, anthu atasauka ndi kugwa kwa chuma, analandira makalata pafupifupi 450,000 m'sabata yoyamba yokha. Nthawi ya Barack Obama, kuphatikiza ndi maimelo, ankafika pafupifupi 10,000 pa tsiku. Obama amatamandidwa kuti ankawerenga makalata a anthu, ndipo n'zoona: usiku uliwonse ankamusankhira 10, ndipo iye anapempha kuti asamamubisire omunyoza. Ena ankawayankha ndi cholembera pamanja. Koma werengerani nokha, 10 mwa 10,000. Ndipo uwo unali mwambo wake wa iyeyo, si lamulo lomanga amene anabwera pambuyo pake.

Kalata ya pa positi siyambira n'komwe ku White House. Chichitikireni zija za mu 2001, pamene anthu asanu anafa ndi tizilombo ta anthrax totumizidwa m'maenvelopu, makalata amayamba apita kumalo ena kukapimidwa, ndipo amachedwa masabata. Akafika, antchito ndi anthu ongodzipereka amawawerenga n'kuwaika m'magulu: uyu akudandaula za msonkho, uyu za nkhondo, uyu akufuna moni wa tsiku lobadwa la agogo ake. Ambiri amayankhidwa ndi kalata yolembedwa kale, imodzimodzi kwa onse a gulu limenelo, ndipo siginecha ya pulezidenti pamakalata otere kawirikawiri imaikidwa ndi makina. Amene ali ndi vuto lenileni lofunika kulikonza, monga msilikali wakale yemwe ndalama zake sizikutuluka, kalata yake imatumizidwa ku unduna kapena nthambi yoyenera. Maunduna akuluakulu alipo 15, nthambi zina ndiye zosawerengeka. Yanu, ikakhala ndi mwayi, ingapite ku unduna wa zakunja, komwe kunachokera uthenga wa pa 24 Januwale uja. Mbuzi yabwerera pa chikhomo chake.

Ngakhale mapepala a nduna safika pa desiki ya pulezidenti mwachisawawa. Pali munthu mmodzi, udindo wake amautcha Staff Secretary, amene amaona chilichonse chisanalowe, n'kuchizunguliza kwa alangizi ndi maloya kuti aikepo ndemanga. Dzina lake silimveka kawirikawiri pa nkhani, koma ndiye mlonda wa pachipata.

Sindikuti musalembe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikungoti musankhe chitseko chake. Ngati nkhawa yanu ndi malipiro otsala kapena ndalama za pomaliza ntchito, musataye sitampa ku America. Amene anakulembani ntchito ndi bungwe lija, pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo kokadandaula ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, zikakanika ku khothi loona za ntchito. Bungwe silingabisale kumbuyo kwa Trump pa zimene linasainirana ndi inu. Koma ngati chimene mukufuna n'chakuti aku Washington amve kuti odwala angati anasowa wowalondola, yambani ndi ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Imodzi mwa ntchito zake ndi kulemba malipoti opita kwawo ofotokoza zimene zikuchitika kuno, ndipo malipoti amenewo amayenda pa msewu womwe uja unabweretsa uthenga wokuimitsani. Kalata yaifupi yokhala ndi manambala enieni, yosainidwa ndi anthu angapo kapena ndi mgwirizano wa mabungwe, imalemera kuposa masamba asanu a misozi.

Kwinanso ndi ku Congress, nyumba yawo ya malamulo, chifukwa chikwama cha ndalama chimakhala kumeneko. Mu Juni 2025 boma la Trump linapempha aphungu kuti abweze ndalama pafupifupi madola 9 biliyoni zomwe anali atavomereza kale, zambiri za thandizo la kunja. Anavomera mu Julayi, koma a nyumba ya Senate anachotsamo madola 400 miliyoni a PEPFAR kuti asadulidwe, ndipo ena mwa amene anaumirira zimenezi anali a chipani cha Trump chomwe. Aphungu otere amamvera mipingo ndi mabungwe a kwawo. Ngati mpingo wanu uli ndi ubale ndi mpingo wina ku America, njira imeneyo ndi yaifupi kuposa ya ku White House.

Pano ndipatuke pang'ono. Mukadzalandira imelo yokhala ndi chithunzi cha White House kapena chiombankhanga chija cha pa chidindo cha boma la America, yonena kuti mwasankhidwa kulandira chipepeso kapena green card bola mutumize kaye ndalama pa foni, dziwani kuti ndi akuba. Ma adiresi a boma la America amathera ndi .gov, ndipo anthu amene angochotsedwa kumene ntchito ndiwo ndiwo za atsizinamtole amenewa.

Mwati kalatayo simunaione. Mbali imeneyi ndiyo ndimaisirira pa kachitidwe kawo, ngakhale pali zambiri zomwe sindigwirizana nazo. Lamulo la pulezidenti lililonse limasindikizidwa m'gazeti ya boma yotchedwa Federal Register, imene yakhala ikutuluka kuyambira 1936. Mukalemba nambala 14169 pa intaneti mulipeza lonse. Makalata a m'maunduna mungawapemphe pansi pa lamulo la mu 1966 lotchedwa Freedom of Information Act, ndipo silifuna kuti wopempha akhale nzika ya America. Lamulolo limati ayankhe m'masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale kunena zoona anthu amadikira miyezi, ena zaka, ndipo mizere ina imabwera itadetsedwa ndi inki yakuda. Ifenso tili ndi lamulo lofananako la mu 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma ndi angati mwa ife analiyesapo?

Mapepala a m'kati mwa White House ali ndi lamulo lawolawo. Kale mapulezidenti ankanyamula makalata awo popita kwawo ngati katundu wa m'nyumba. Zinasintha ndi Richard Nixon, amene anatula pansi udindo mu 1974 matepi ojambula zokambirana zake atamuyalutsa pa mlandu wa Watergate. Aphungu poopa kuti awawononga, analanda matepi ndi mapepala akewo, ndipo mu 1978 anakhazikitsa lamulo loti zolemba zonse za pulezidenti ndi alangizi ake ndi katundu wa dziko. Linayamba kugwira ntchito pa Ronald Reagan mu 1981. Pulezidenti akachoka, zonse zimapita ku National Archives, nkhokwe yosungira zolemba za boma. Pakatha zaka 5 anthu akhoza kuyamba kuzipempha, kupatula zina zomwe mwini wake angatsekere mpaka zaka 12 ndi zachinsinsi cha chitetezo. Nthawi ya Trump ikutha pa 20 Januwale 2029, ndiye kuti kuyambira 2034 wina adzatha kufunsa kuti ndani analemba lamulo lija, ndani anachenjeza za odwala, ndipo anamuyankha chiyani. Paja mlandu suwola.

Koma 2034 ndi kutali, mayi. Kalata imene inakukhudzani inuyo ili pafupi, mu kompyuta ya abwana anu akale kapena m'failo ya ku ofesi ya akaunti. Apempheni mwaulemu akuonetseni, makamaka ngati mukukatsata za malipiro, chifukwa tsiku lolembedwa pamwamba pake lidzafunika ku ofesi ya zantchito. Mukaigwira, yang'anani m'munsi. Mupezamo dzina la ofisala wa makontilakiti kapena la mkulu wa bungwe lomwe linkakupatsirani ndalama, munthu amene mwina simunamvepo n'kale lonse. Ngati ndi wa ku USAID, n'kutheka kuti nayenso patangopita miyezi yochepa analandira yakeyake yomuuza kuti abweze makiyi.