Kompyuta ya ana ikulowa, laputopu ya bambo yakana

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Akuti kompyuta ya ana awo ikulowa pa intaneti bwinobwino, koma laputopu ya amuna awo yakaniratu, chonsecho rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba, ndi imodzi. Akufunsa ngati abaye kabatani ka reset kakumbuyo kwa rauta kaja.

Mayi, chonde musabaye. Ine ndinabaya.

Munali mu June, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Mulanje. Ndinali ndi lipoti loti nditumize, laputopu yanga ili zii, pomwe mphwanga m'chipinda chinacho akuonera mpira osadukiza. Ndinazimitsa rauta, ndinayatsa, ndinaikweza pawindo, ndinanyoza kampani ya netiweki yosalakwa. Mapeto ake ndinatenga phini n'kubaya. Zonse zinafufutika: dzina la Wi-Fi, pasiwedi, ngakhale APN, dzina limene rauta imalowera nalo pa netiweki ya kampani, imene anandiikira pogula. Mpira wa mphwanga unathera pomwepo, ndipo sanandiyankhule mpaka kugona. M'mawa ndinakwera minibasi pa Chitakale kupita ku Limbe, rauta ili mu jumbo ngati nkhuku yokagulitsa.

Anandikonzera, ine mwaulesi ndinabwezera pasiwedi yakale ija. Patangopita masiku awiri, vuto lomwe lija. Apa mpamene ndinalemba adiresi ya rauta yanga, 192.168.8.1, pa browser n'kuona mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Mafoni mbwee! Ya mlamu wanga, ya mwana wa aneba, ina ya mnyamata wa kabaza amene ndinkadabwa kuti bwanji amakonda kupumira pansi pa mtengo wathu wa mapeyala. Karauta kanga kamalola zipangizo 10 zokha. Laputopu yanga inkafika mipando itatha.

Ndinene mosabisa, pasiwedi si mchere wopemphana pa mpanda. Kwathu kuno kumana mnzako n'kochititsa manyazi, ndikudziwa, koma bandulo amagula ndani? Ukapatsa mmodzi wapatsa mudzi, chifukwa mafoni a masiku ano amagawana pasiwedi ndi QR code, mwini wake osadziwa. Ndipo amene amakuthera data ndi yemweyo amene amadzakufunsa kuti, "Achimwene, netiweki yanu yatani lero?" Za mphenzi ndisayambe n'komwe. Mvula ya kuno ikamagunda, zulani adaputala kukhoma, ine inandipsera imodzi.

Tsono chitani izi

Poti kompyuta imodzi ikulowa, ndiye kuti netiweki ilipo. Vuto lili pakati pa laputopu ndi rauta. Onani kaye ngati laputopuyo ikuliona dzina la Wi-Fi. Ngati sikuliona, mwina rauta ikuulutsa Wi-Fi ya mtundu wa 5GHz: malaputopu ambiri akale amaona ya 2.4GHz yokha, ya 5GHz saiona. Ngati ikuliona, tsegulani cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo pa Windows, lembani ipconfig. Adiresi ya laputopuyo (IP) imene ituluke ikayamba ndi 169.254, rauta sinaipatse nambala: lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew. Ngati bambo amapita nayo kuntchito, mwina anaiikira IP yokhazikika ya ku ofesi, ibwezereni pa automatic. Zikakanika, iuzeni iiwale netiwekiyo, mulembenso pasiwedi, kapena yesani ndi kebulo.

Kenako lowani mu rauta kudzera pa kompyuta ya ana. Adiresi yake imalembedwa pa sitika yapansi, nthawi zambiri 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena ngati yangayo. Werengani zipangizo. Zikaposa za m'nyumba mwanu, sinthani pasiwedi usiku womwewo, ana atagona.