Za kochi wa South Sudan uja mwafunsa

Achimwene, mwafunsa kuti kodi Mmereka amene ankaphunzitsa timu ya basketball ya South Sudan pa Olympics ya 2024 anachokera kuti, ndipo anamutenga bwanji pomwe sanatchuke ali wosewera. Dzina lake ndi Royal Ivey, ndipo ine ndikuona kuti kusatchuka kwakeko n'kumene kunamukonzekeretsa ntchitoyi.

Ivey anabadwira ku New York mu 1981. Anasewera pa yunivesite ya Texas, timu imene inafika mu Final Four (semifainolo ya mpikisano wa mayunivesite a ku America) mu 2003. Mu 2004, pamene matimu a NBA (ligi yaikulu ya basketball ku America) ankasankha osewera atsopano, a Atlanta Hawks anamutenga pa nambala 37, mu raundi yachiwiri, kumene anthu ambiri amatha chaka chimodzi kapena ziwiri n'kusowa. Iye anakhalitsa. Anadutsa ku Milwaukee, Philadelphia ndi Oklahoma City, pafupifupi zaka khumi mu NBA. Sankagoletsa kwambiri. Ntchito yake inali yotchinga, kumamatira wosewera woopsa wa timu inayo mpaka atope, kenaka kubwerera pa benchi. Munthu wotere amakhala mu ligi chifukwa chomvetsa masewero, chifukwa akalakwitsa kamodzi palibe amamuchitira chifundo. Amaphunzira zimene kochi akufuna kwa aliyense, ngakhale kwa anzake. Atasiya kusewera anayambira pansi, ngati wothandizira kochi mu timu yaing'ono ya Oklahoma City, kenaka timu yaikulu ya Oklahoma City Thunder, New York Knicks, Brooklyn Nets, ndipo mu 2023 anapita ku Houston Rockets.

Nanga South Sudan inabwera bwanji? Apa ndi pomwe pali nkhani. Ali anyamata, Ivey ndi Luol Deng anasewera limodzi pa sukulu ya Blair Academy ku New Jersey. Deng anabadwira ku Wau, anathawa nkhondo ali mwana, anakulira ku Egypt ndi ku London, n'kudzatchuka ku Chicago Bulls. Mu 2019 anakhala pulezidenti wa bungwe la basketball la dziko lake, dziko limene linalandira ufulu mu 2011 ndipo nthawi imeneyo linalibe ngakhale bwalo limodzi la m'nyumba loyenera masewero akuluakulu. Maulendo, mahotela ndi zina zambiri Deng ankalipira za m'thumba mwake. Mu 2021 anapereka timuyo kwa mnzake wakalekale uja. Ena anganene kuti ndi zachibale, koma ganizirani ntchito yake: osewera obalalika ku Australia, America, Canada ndi Ulaya, ambiri ana a anthu othawa nkhondo, amene amakumana masabata ochepa pa chaka. Pankafunika munthu wokhulupirika amene sangathawe zinthu zikavuta. Ivey akatanganidwa ndi NBA, Deng yemweyo ankakhala pa benchi m'masewero ena opezera malo.

Pa AfroBasket, mpikisano wa mayiko a mu Africa, wa 2021 ku Kigali, a South Sudan anafika mu kotafainolo. Pa World Cup ya 2023 ku Manila anagonjetsa China, Philippines ndi Angola, n'kumaliza pamwamba pa matimu onse a mu Africa, ndipo ndi mmene anapezera malo ku Olympics. Carlik Jones ndiye ankayendetsa timu, Wenyen Gabriel ndi Nuni Omot akulimbana pansi pa basiketi.

Masewero amene anandigwira mtima ndi aja a ku London mu July 2024, okonzekera Olympics. South Sudan inatsogola kwa nthawi yaitali pamaso pa timu ya America yodzaza ndi akatswiri, mpaka LeBron James anachita kugoletsa kutatsala masekondi 8 kuti America ipambane 101-100. Anyamatawo ankathamanga, kuponya za mapointi atatu mopanda mantha, ndi kutchinga mwankhanza ngati mmene kochi wawo ankachitira ali wosewera. Ku Lille, ku France, pa masewero awo oyamba a Olympics, okonza anawaimbira nyimbo ya fuko yolakwika, ya Sudan, chinthu chopweteka kwambiri mukaganizira mbiri ya mayiko awiriwa. Anayankha pogonjetsa Puerto Rico 90-79. Kenaka anagonja kwa America ndi Serbia n'kutuluka m'gulu loyamba. Matimu awiriwo ndi amene anadzatenga mendulo ya golide ndi ya bronze.