Kodi chizindikiro chobisika chingabweze galimoto kapena masipeya obedwa?

Bambo ena a ku Katete anditumizira imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popeza vuto lawo ndi la ambiri kuno kum'mawa kwa Zambia. Ali ndi Corolla yonyamula anthu pakati pa Katete ndi Chipata, komanso njinga zamoto ziwiri zimene anapatsa anyamata. Mwezi watha akuba anamasula nyale ziwiri zakutsogolo ndi batire, galimoto ili pabwalo usiku. Pambuyo pake iwo anaona nyale ina patebulo la wogulitsa masipeya, mtima nkuwauza kuti ndi yawo, koma wogulitsayo atawafunsa umboni anasowa chonena. Akufunsa motere: "Ndamva kuti ku South Africa amawaza magalimoto timanambala tosaoneka ndi maso. Kodi ndi zoona? Nanga ine ndingaike chizindikiro changa chobisika, ndipo chingandithandizedi?"

Bambo, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Zimene munamvazo ndi zoona, ndipo inunso mukhoza kuika chizindikiro chanu. Koma ndiyambe ndi kukuuzani chimene chizindikiro chobisika sichingachite, kuti musawononge ndalama mukuyembekezera zina. Sichiletsa wakuba kuba, pakuti sachiona. Ntchito yake imayamba tsiku limene katundu wapezeka, inu, wogulitsa ndi wapolisi mwaima pamodzi, aliyense akufuna kudziwa mwini wake. Tsiku lija patebulo la masipeya munasowa chinthu chimodzi chokha, chimene ndi ichi.

Galimoto yanu inabwera kale ndi manambala ake kuchokera kufakitale, ndipo eni magalimoto ambiri sanawaonepo ndi maso awo. Magalimoto opangidwira misika ya ku Europe, America ndi South Africa amakhala ndi nambala yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17, imene inakhazikika m'maonekedwe amenewa kuyambira 1981. Mulibe zilembo I, O ndi Q, poopa kuti zingasokonezeke ndi 1 ndi 0. Koma magalimoto ambiri amene timayendetsa kuno ndi aja anagwirapo ntchito ku Japan, nkubwera kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Amenewa ali ndi nambala ya chasisi yaifupi: imayamba ndi zilembo za mtundu wa galimotoyo, monga NZE121 pa ma Corolla ena, kenako kamzere ndi manambala. Imadindidwa pachitsulo chenicheni, kaya pakhoma la kuseri kwa injini kaya pansi pa mpando wa dalaivala, pamene kapeti amakhala ndi kachitseko. Injini ili ndi nambala yakeyake. Pa njinga yamoto nambala ya felemu imakhala pakhosi, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi, ndipo ya injini imakhala m'munsi mwa injiniyo. Mawa m'mawa tengani white book yanu, chikalata cha umwini wa galimoto chochokera ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, muwerenge chilembo ndi chilembo kuti muone ngati za papepala zikufanana ndi za pachitsulo. Muchite zomwezo ndi njinga zonse ziwiri.

Vuto ndi lakuti akuba nawonso amadziwa pamene pali manambala amenewa. Amawapala ndi gilayinda, ena amadula kachigamba konse nkuwotchererapo ka galimoto ina yomwe inachita ngozi koma mapepala ake alipo. Ndiye nyale, magalasi a m'mbali, batire, sitata, malimu, zonsezi sizikhala ndi nambala yoti nkuloza kwa inu. Galimoto ikangophwasulidwa, chiwalo chilichonse chimasanduka chopanda mwini. Timadontho timene munamvato tinapangidwa kuti tithetse vuto limeneli.

Ndi tizidutswa tating'ono ngati mchenga, pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo, ndipo pa kalikonse pamalembedwa nambala ya galimotoyo kapena nambala ina yolumikizidwa nayo mu kaundula. Amatisakaniza ndi guluu woonekera nkutiwaza ndi kamfuti ka mpweya m'malo ambirimbiri: kunsi kwa galimoto, m'kati mwa zitseko, pa injini, pa giyabokosi, kuseri kwa mabampala. Pa galimoto imodzi amawazapo pafupifupi 10,000. Guluuyo amawala akaunikidwa ndi tochi yapadera yotchedwa ya UV, choncho wapolisi amayamba wapeza pamene pakuwala, kenako amawerenga kadontho kamodzi ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Wakuba akhoza kupala malo khumi kapena makumi awiri, koma kuti atichotse tonse ndiye kuti awononga katundu yemwe amafuna kugulitsayo. Ku South Africa lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 September 2012 lakuti galimoto iliyonse yolembetsedwa koyamba ikhale ndi timadonthoti. Kotero amene anagula Hilux kapena Ranger yomwe inalembetsedwa koyamba kumeneko chaka chimenecho chitadutsa, mwina ali nato kale osadziwa.

Wina akabwera kudzakutsatsani timadontho totere kuno, musathamangire kufunsa mtengo. Mufunseni kaye kuti kaundula wake amasungidwa kuti, ndipo wapolisi wa ku Katete kapena ku Chipata akapeza kadontho pa sitata angaimbire ndani kuti amve dzina lanu. Ngati akuzungulirazungulira poyankha, musiyeni. Kadontho kolembedwa nambala ya chasisi yanu yeniyeni nkabwino kuposa kolembedwa nambala yachinsinsi ya kampani, chifukwa kampani ikhoza kutseka koma white book muli nayo m'nyumba.

Tsopano zimene mungachite nokha ndi ndalama zochepa. Sankhani chizindikiro chimodzi chachifupi, mwachitsanzo manambala asanu omalizira a chasisi ndi zilembo ziwiri zimene mukuzidziwa inu. Musagwiritse ntchito dzina lanu lokha, a Phiri ndi a Banda tilipo ambiri kuno. Pa zitsulo zochindikala gwiritsani ntchito timisomali todindira manambala tija amagulitsa m'masitolo a zipangizo, timene mumamenya ndi hamala. Ndimakonda kudinda kuposa kukanda pa chifukwa ichi: nambala yodindidwa imapanikiza chitsulo mpaka m'kati, ndipo ngakhale wakuba aipale pamwamba pasalale, akatswiri ofufuza milandu amatha kuibwezeretsa popaka mankhwala a asidi, chifukwa chitsulo chopanikizikacho chimadyeka mosiyana ndi chinzake. Chokanda pamwamba chikapalidwa chapita. Pa mapulasitiki, monga kuseri kwa nyale, m'kati mwa bampala ndi m'kati mwa chikuto cha galasi la m'mbali, msomali wootcha pamoto umalemba bwino, bola osaboola. Pa batire ingokandani pang'ono m'mphepete mwa chivundikiro kapena kunsi kwa chogwirira. Zolembera za inki yooneka ndi tochi ya UV yokha zilipo, koma inki yake imafufutika ndi dzuwa ndi kutentha, ndiye ndi ya m'kati mokha, monga kuseri kwa wailesi ndi kunsi kwa mipando.

Chiwalo chilichonse chodula muchiike zizindikiro ziwiri, china posavuta kupeza, china pamene munthu sangaone asanamasule. Wakuba akapeza choyamba nkuchipala amakhutira, osafufuzanso.

Pali malo amene ndikukupemphani kuti musakhudze. Musadinde pa zitsulo za mabuleki, za chiwongolero, pa thanki ya mafuta, kapena pafupi ndi ma airbag; kamng'alu kakang'ono pamenepo kakhoza kutenga miyoyo ya anthu amene mwanyamula pa Great East Road. Pa malimu a aluminiyamu kandani mopepuka m'kati, osamenya ndi hamala. Ndipo musayandikire nambala ya fakitale ya chasisi kapena ya injini, ngakhale kuti "muikonze" poti yachita dzimbiri. Nambala imeneyo ikaoneka ngati yagwidwagwidwa, wokayikiridwa pa roadblock kapena poyeza galimoto mudzakhala inu mwini wake.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Chizindikiro chimene chili m'mutu mwanu mokha si umboni. Wogulitsa akhoza kunena kuti mwachiona pomwepo nkuyamba kuchitchula. Oweta ng'ombe amazidziwa bwino izi: kudula khutu la ng'ombe kumathandiza pabwalo la mfumu pokhapokha ngati anthu a m'mudzi ankadziwa kale kuti kadulidwe kameneko ndi ka khola lanu. Choncho tsiku lodinda jambulani chithunzi cha chizindikiro chilichonse chapafupi, ndi china chapatali choonetsa chiwalocho chili pa galimoto, nambala ya galimoto ikuoneka. Lembani m'kabuku tsiku, chiwalo ndi malo enieni. Zithunzizo zitumizeni ku imelo yanu ndi kwa m'bale mmodzi wodalirika pa WhatsApp, kuti tsiku lake lisungike ngakhale foni itatayika. Pakhale mboni imodzi yoona ndi maso nkusaina m'kabukumo. Ngati muli ndi inshuwalansi yokwana, auzeninso a kampaniyo. Kabukuko, white book ndi malisiti zizikhala kunyumba. Amene amasunga zonse m'galimoto amapatsa wakuba galimoto ndi mapepala ake omwe.

Ntchitoyi muigwire nokha kuseri kwa nyumba, osati pa galaja pamene anyamata khumi akuonerera. Sindikunena kuti amakaniko ndi akuba, ayi, ambiri ndi anthu olungama amene amatithandiza tsiku ndi tsiku. Koma nkhani yomveka pa galaja imafika pa siteshoni dzuwa lisanalowe. Ngakhale dalaivala wanu ndi anyamata a njinga adziwe kuti zizindikiro zilipo, koma asadziwe pamene zili. Kudziwa kokhako kuti zilipo kumathandiza mnyamata amene angayesedwe kusinthanitsa batire latsopano ndi lakutha.

Tsiku limene mudzaone katundu wanu pamsika, ugwireni mtima. Musatembenuze nyaleyo pamaso pa wogulitsa nkukuwa kuti nachi chizindikiro changa, chifukwa mukamabwera ndi apolisi mudzapeza yasowa kapena yapalidwa. Funsani mtengo ngati wogula wina aliyense, muchoke, mupite ku polisi kumene munakanena za kubedwako. Nchifukwa chake nkofunika kukanena ngakhale chobedwa chili batire lokha, ndi kusunga nambala imene mlandu wanu walembedwa m'buku lawo. Muuzeni wapolisi musananyamuke kuti chizindikiro chili pati ndipo chikuti chiyani, alembe, mumuonetse zithunzi, kenako mupite naye akatembenuze yekha. Munthu amene wanena molondola za chinthu chobisika chisanatsegulidwe savuta kumukhulupirira. Ndipo chonde musaitane gulu. Wogulitsayo mwina naye anagula osadziwa, ndipo iye ndiye njira yofikira kwa amene anamasula nyale zanu. Gulu likayamba kumenya, njirayo yatsekeka ndipo mlandu watembenukira inu.

Ife a kuno tili ndi vuto lina la malire. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mwami, pa malire ndi Malawi, sipakwana makilomita 30, inu ku Katete muli ndi Chanida wolowera ku Mozambique, a ku Lundazi ali ndi Lusuntha wolowera ku Malawi, osawerengera njira za zalewa zimene njinga yamoto imadutsa usiku popanda woifunsa. Katundu wobedwa amaoloka mbali zonse ziwiri, wathu kupita uko, wa anzathu kubwera kuno. Apolisi a mayiko a kum'mwera kwa Africa ali ndi mgwirizano wawo wa SARPCCO umene unayamba mu 1995, ndipo Interpol, bungwe la apolisi a padziko lonse, imasunga kaundula wa magalimoto obedwa amene mayiko amafufuzamo. Koma makaundula amenewa amayendera nambala ya chasisi ndi ya injini, sadziwa chizindikiro chanu cha msomali. Ndiye galimoto kapena njinga ikabedwa yathunthu, chofunika msanga ndi kupereka manambala a fakitale ku polisi tsiku lomwelo. Chizindikiro chanu chidzagwira ntchito pambuyo pake, njinga ikapezeka itapalidwa manambala, itapakidwa penti wina, ili pakati pa zinzake pabwalo la polisi.

Popeza chobisika sichiopseza munthu, muikenso chooneka. Kulemba nambala ya galimoto pa magalasi onse, pa nyale ndi pa magalasi a m'mbali kumatsitsa mtengo wake kwa wakuba, chifukwa wogula safuna nyale yolembedwa nambala ya galimoto ya wina. Kukhomera nyale ndi magalasi a m'mbali ndi ma rivet kumamuchedwetsa, ndipo wakuba wa usiku amadana ndi kuchedwa. Kachipangizo ka GPS nkabwino pa galimoto yathunthu, koma kamadalira netiweki ndi moto wa batire, ndipo sikanena kanthu za nyale yomasulidwa. Pa ndalama zimene muli nazo, ine ndikanayamba ndi njinga ziwirizo, pakuti ndizo zosavuta kukankha ndi kuolotsa: pansi pa mpando, m'kati mwa zivundikiro za m'mbali, pa chitsulo choimikira, ndi m'kati mwa limu pamene tayala limaphimba.

Nyale zatsopano zimene mugule tsopano, funsani lisiti lolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku, ndipo muzitembenuze muone ngati palibe popalidwa kapena nambala ya galimoto ina. Kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wobedwa ndi mlandu m'malamulo a Zambia, ndipo sipeya yotsika mtengo mopitirira muyeso, yopanda lisiti, yobwera m'thumba madzulo, nthawi zambiri yachoka pa galimoto ya mnzanu. Mukadzagulitsa Corolla yanuyo, kabuku ka zizindikiro kapite kwa mwini watsopano pamodzi ndi white book, ndipo mulembe m'kalata yogulitsira kuti mwamupatsa.