Mwapopera koma mphemvu zabweranso? Vuto ndi mazira

Achemwali, mwati mwapopera Doom kawiri koma mphemvu zadzadzanso m'kabati ya mbale. Za wopopera wabwino kuno ku Dedza boma akuuzani ena, ine ndinenepo za mazira, chifukwa zinandionetsa zakuda.

Mankhwala opopera amapha zimene zikuyendazo basi. Mazira amakhala m'kathumba kolimba, kofiirira, kooneka ngati njere ya nyemba, ndipo mankhwala salowamo. Timphemvu tating'ono ta m'khitchini tija, ta mizere iwiri yakuda kuseri kwa mutu, yaikazi imayenda ndi kathumbako kumbuyo kwake pafupifupi mwezi wathunthu, muli mazira 30 mpaka 40. Ana amatuluka opanda mapiko, amafundula kangapo, pakatha miyezi iwiri kapena itatu nawonso ayamba kuswana. Zoyera zimene wina wati ndi mtundu woopsa ndi zomwezo, zangofundula kumene, pakapita maola ochepa zimada. Zikuluzikulu za m'chimbudzi zija zimamata kathumba pamalo amdima n'kuchokapo, muli mazira ngati 16.

Chaka chatha mu June ndinalipira munthu wina pafupifupi K20,000. Anapopera nyumba yonse, m'mawa tinasesa zakufa zodzadza chitini, mtima unakhala pansi. Patangotha masabata atatu, ndikuyatsa getsi usiku, tiana takuda ngati nyerere tili yakaliyakali pakhoma. Nditasuntha filiji ndinapeza timathumba tong'ambika tili mbwee pafupi ndi injini yake. Kuzizira kwathu kuno kumazithamangitsira pofunda: kuseri kwa filiji, m'wailesi, pafupi ndi chitofu. Munthu uja sanafikeko n'komwe, ndipo sananene kuti pafunika ulendo wachiwiri.

Ndiye amene mungamuitane, mugwirizane kaye kuti adzabweranso pakatha masabata awiri kapena atatu, tiana tisanakule. Akakana musiyeni. Kathumba mukakaona kaphwanyeni kapena kaponyeni pa mbaula, osangokasesera panja. Nyambo ya ufa ya m'timapaketi inandithandiza kuposa kupopera, koma muziika m'ming'alu momwe mwana sangafike, ndipo osapoperanso pamene mwaika nyambopo.

Amene akukuuzani za tameki kapena mapiritsi osungira chimanga, chonde musawamvere. Zimenezo zimapha anthu, m'nyumba yogonamo siziyenera kulowa.

Makatoni obwera ndi tomato kapena kachewere ku Lizulu musamawasunge m'khitchini. Tsitsani katundu, katoniyo itulutseni tsiku lomwelo, timathumba timabisala m'mapindiro ake.