Eni dziko lija ndi ndani? Kuyankha achimwene amene afunsa

Achimwene, mwafunsa kuti dziko akulimbirana lija eni ake enieni ndi ndani, Ayuda kapena Apalestina, ndipo mwati mesa Mulungu anapereka kale kwa Abrahamu ndiye mkangano ukuchokeranso pati. Ndiyankheko, mundikhululukire zitalika.

Za Abrahamuzo sinditsutsa, nanenso ndimapemphera. Koma ku Bethlehem kuja kuli Apalestina achikhristu, amabatiza ana awo ngati ife tomwe, amawerenga Genesis yemweyo, ndiye vesi lokha silingatiuze kuti munda uwu ndi wa ndani.

Dera lija, lotchedwa Palestina, linali m'manja mwa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, kenaka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse analanda ndi Angelezi, omwe aja anatilamulira ife kuno. Mu 1917 nduna yawo Arthur Balfour analemba kalata yolonjeza Ayuda malo m'dzikomo, chonsecho ambiri okhalamo anali Aluya, omwe ndi Apalestinawo, ndipo sanafunsidwe. Komatu Ayuda sikuti linali dyera ayi, makolo awo anachokera komweko ndipo ena sanachokeko n'komwe, ku Europe ankazunzidwa, boma la Hitler linapha 6 miliyoni ndipo maiko ambiri anawakaniza kulowa. Munthu wapulumuka ku Auschwitz, kampu imene boma la Hitler linkapherako Ayuda, abale onse atha, m'nyumba mwake mwalowa ena, mukanamuuza kuti alowere kuti? Mu 1947 UN inavota kugawa dzikolo pawiri, Ayuda omwe anali gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse anapatsidwa malo opitirira theka. Atsogoleri a Ayuda anavomera, Aluya anakana. Nkhondo inabuka, ndipo Israel atalengeza ufulu wake pa 14 May 1948 maiko a Aluya oyandikana nawo analowerera.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Apalestina oposa 700,000 anachoka m'makwawo, ena kuthawa atamva za kuphedwa kwa anthu pamudzi wa Deir Yassin, ena kuchita kupirikitsidwa ndi asilikali monga ku Lydda mu July, kuyenda wapansi dzuwa likuswa mtengo ana ali kumbuyo madzi akumwa palibe. Midzi yoposa 400 inasanduka mabwinja, yambiri anaigumula. Eni ake amati Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Ambiri anakhoma zitseko n'kutenga makiyi poganiza kuti nkhondo ikazizira abwerera. Makiyi achitsulo aatali aja alipobe m'makampu a ku Lebanon, Jordan ndi Gaza, achita dzimbiri, agogo akamamwalira amasiyira mdzukulu, pamene khomo lake linagwa kalekale.

Koma pali mbali ina imene anthu ambiri pa gulupu pano saitchula. Zaka zotsatira, Ayuda pafupifupi 850,000 anachoka m'maiko a Aluya monga Iraq, Yemen, Egypt, Libya ndi Morocco, ena mwakufuna kwawo koma ambiri chifukwa cha mantha ndi nkhanza. Ku Iraq Ayuda anakhalako kuyambira ukapolo wa ku Babulo uja timawerenga m'Baibulo, koma mu 1950 ndi 1951 oposa 100,000 anakwezedwa ndege atasainira kutaya unzika, ndalama zawo ku banki boma n'kuzitseka. Wamalonda wa ku Baghdad kufika ku Israel ndi sutikesi imodzi n'kukagona mu tenti. Amenewonso ndi othawa kwawo, tisawaiwale.

Kusiyana kwake ndi uku: Ayuda aja anapeza dziko lowalandira, lamulo la 1950 limati Myuda aliyense atha kubwera n'kukhala nzika. Chaka chomwecho Israel anakhazikitsa lamulo lina lotenga minda ndi nyumba za Apalestina amene anathawa, ndipo kubwerera anawaletsa. Maiko a Aluya nawo, kupatula Jordan, ambiri sanawapatse unzika. Akuluakulu mukukumbuka abale athu a ku Mozambique oposa miliyoni amene tinawasunga ku Nsanje, Mwanza, Dedza uko, mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kukalima minda yawo. Apalestina mwayi umenewo sanaupeze, mwana amabadwira mu kampu, kukalamba, kufera momwemo.

Mu 1967 Israel analanda West Bank, Gaza ndi East Jerusalem, enanso anathawa kachiwiri, ndipo midzi ya Ayuda ikumangidwabe ku West Bank ndi East Jerusalem, khothi lalikulu la UN lotchedwa ICJ mu 2024 linati ndi zosemphana ndi malamulo. Zimene gulu la zida la Apalestina ku Gaza lotchedwa Hamas linachita ku Israel pa 7 October 2023 kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena ukapolo ndi zoipa, sindizikometsera olo pang'ono. Koma kupha ana zikwizikwi ku Gaza kumene asilikali a Israel anachita pobwezera n'koipanso, ndipo ndimadabwa akhristu anzanga akamaombera m'manja.

Ndiye mukandifunsa ine, onse awiri ndi kwawo, onse ali ndi manda a makolo pamenepo, ndipo kulira kwa Myuda wa ku Baghdad sikufafaniza kulira kwa Mpalestina wa ku Lydda. Koma amene alibe dziko lero ndi Mpalestina. Ambiri a ku Gaza ndi adzukulu a othawa a 1948, ena kwawo kunali ku Majdal komwe pano ndi Ashkelon, mtunda woti munthu atha kupalasa njinga mmawa n'kufika dzuwa lisanakwere, koma saloledwa kukapondako.